Mutu 5: Foda ya Aliness Yasowa

1. Chipinda cha makompyuta

Pa sekondale yoyendera imene Dickson Muhiwa ankaphunzira, kufupi ndi msika wa Chiringa, panali chipinda chimodzi chimene ana ankalowamo atavula nsapato. Munali makompyuta ochepa, akale ndithu, oyendera magetsi a dzuwa. M'mawindo anaikamo makatani okhuthala poopa fumbi, motero ngakhale masana m'chipindamo munkachita kamdima.

Amene ankaphunzitsa mmenemo anali a Bashiri. Bambowa anali osaona. Ankayenda ndi ndodo yoyera, ndipo pa kompyuta sankagwira mausi. Zonse ankachita ndi mabatani a pa kiyibodi. M'makompyuta onse anaikamo pulogalamu yowerenga zimene zili pa sikirini. Munthu akadina batani, mawu a mwamuna ankanena m'Chingerezi pamene wafika. Mawuwo ankathamanga ngati wogulitsa fodya ku okushoni, ndipo mayina a Chichewa ankawapotoza moseketsa. Ana anawapatsa dzina lakuti Chimkamwa.

Katswiri woyerekeza Chimkamwa anali Dickson. Pa nthawi yopuma ankatsina mphuno n'kumatchula mayina a anzake Chizunguzungu, anzakewo n'kumafa nalo phwete.

Koma mnyamata wa mu Fomu 3 ameneyu anali ndi nkhani imene sanauzepo munthu. Maso ake ankatha mphamvu. Ankaona zokhazo zimene zili patsogolo penipeni, ngati munthu wosuzumira mu nsungwi yoboola. Za m'mbali zinkamusowa. Kukachita mdima pang'ono, ngakhale zapatsogolozo zinkazimirira. Mpira anasiya, n'kunamizira bondo. Akagunda desiki ankayamba yekha kuseka anzake asanamuseke.

Pa kompyuta chinkamuzunza ndi kamuvi ka mausi. Kakangochoka pamene wayang'ana, kankasowa. Ndiye ankakwekwesa mausi uku ndi uku mpaka kamuviko katulukire. Mawu a Chimkamwa ankawatseka akangokhala pampando.

"Zimenezo n'za akhungu," ankawauza anzake monong'ona.

2. Lachinayi masana

Tsikulo kunali chiperoni. Phiri la Michesi silinkaoneka, ndipo dzuwa silinatuluke chichokereni m'mawa.

Dickson ankasinthana kompyuta imodzi ndi anzake awiri, Chance ndi Aliness. Aliness anali mtsikana wosalankhulalankhula. Mayi ake anapita ndi matope chaka cha namondwe wa Freddy, pamodzi ndi nyumba ndi zonse za m'nyumbamo. Zithunzi za mayiwo zinatsala mu foni ya azakhali ake mokha. A Bashiri anamuthandiza kuzikopera mu kompyuta ya kusukulu, ndipo patapita nthawi foni ija inagwera m'madzi n'kufa. Zithunzizo zinali mu foda imene Aliness anaitcha Mayi Anga. Fodayo inkakhala pa desikitopu, pamene munthu amafikira akangoyatsa kompyuta. Aliness ankaitsekula kaye pang'ono asanayambe ntchito iliyonse.

Woyamba kukhala pampando anali Dickson. Chifukwa cha mitambo, m'chipindamo munada kuposa masiku onse. Iye anasendeza mpando mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza sikirini. Kamuvi kanasowa. Anayamba kukwekwesa mausi, osadziwa kuti chala chake chapanikiza batani la mausiyo.

Kamuvi katatulukira, kanali katanyamula kanthu kachikasu. Dickson anadzidzimuka n'kuchotsa chala. Kanthu kaja kanazimirira.

Anayang'ana pakona pamene foda ya Aliness inkakhala. Panali poyera.

Anayendetsa maso pa sikirini yonse, kachigawo kachigawo, koma zilembo zinkasakanikirana. Sanaipeze. Anaimirira.

"Ndamaliza," anatero. "Khala, Chance."

Chance anali mnyamata wodziwika ndi timilandu. Anagwidwapo akuika magemu m'makompyuta a sukulu, ndipo ahedi anali atamuchenjeza komaliza. Tsiku limeneli anabwera ndi fulashi, kachipangizo kosungira nyimbo, m'thumba. Anafuna kukopera nyimbozo mu kompyuta, kompyutayo n'kunena kuti malo achepa. Iye anatsekula bini, mmene mumagwera zinthu zofufutidwa, n'kukhuthula zonse osayang'ana.

Itafika nthawi ya Aliness, mtsikanayo anayang'ana pakona pamene foda yake inkakhala. Kenako anaimika mkono, ngakhale ankadziwa kuti aphunzitsi sauona.

"Aphunzitsi, foda yanga palibe."

A Bashiri anabwera akupapasa madesiki. Anatsegula mawu, n'kudina mabatani mofulumira. Chimkamwa anatchula zonse za pa desikitopu. Mayi Anga panalibe. Anatsekula bini. Chimkamwa anati mulibe kanthu.

"Wakhuthula bini ndani?"

Chance anayankha ndi mawu otsika. "Ndine, aphunzitsi. Koma foda ya Aliness sindinaikhudze."

Nthawi yomweyo kabokosi ka mabatire kanayamba kulira pakona. Makompyuta onse anazima.

3. Chenjezo

Aliness anaika mutu pa desiki. Sanalire mokweza, koma mapewa ake ankagwedezeka. A Bashiri anabwerera kutsogolo n'kuima atatsamira ndodo yawo.

"Tamverani, ana inu," anayamba motero. "Desikitopu ili ngati bwalo la pakhomo pamene mabanja angapo amayanika zinthu. Wina wayanika nandolo, wina makaka, wina zovala. Ukamadutsa pabwalo lotero umayang'ana poponda. Sunganene kuti poti mphasa iyi si yanga ndiikankhire kumbali. Chimene kwa iwe ndi kabokosi kachikasu, kwa mnzako ndi nkhope ya mayi ake.

"Ndakhala ndikukuuzani kuti musamakhuthule bini musanamve zimene zilimo. Chinthu chikagwera mu bini chimatoleka. Mukakhuthula, mwataya m'mtsinje wosefukira. Ndakuuzaninso kuti dzanja lisamathamange kuposa mutu. Ambiri a inu mumadina kaye, kuganiza pambuyo.

"Mawa dzuwa likawala ndifufuza. Mwina fodayo ilipo penapake, mwina yapita. Koma ipezeke kapena isapezeke, lamulo la chipinda chino mukulidziwa. Wosokoneza ntchito ya mnzake amakaonekera kwa ahedi. Kulakwitsa si mlandu waukulu. Ine ndimalakwitsa tsiku lililonse. Mlandu ndi kulakwitsa n'kukhala chete, mnzako n'kumalira pambali pako. Ngati alipo wina amene akudziwa kanthu, pakamwa ndi pake."

Ana onse anatembenukira kwa Chance. Dickson anayang'ana pansi.

Poweruka, Chance anamupeza Dickson panjira yodutsa m'minda ya nandolo. Anzawo ena anali atamusala, ndipo mmodzi anamuponyera chibuma cha dothi.

"Aise, iwe unakhalapo ine ndisanakhale," anatero Chance. "Pamene unkachokapo, fodayo inalipo?"

"Inalipo."

"Ukunena zoona?"

"Ndati inalipo."

Chance anakanda m'mutu. "Ndiye kuti ndine. Koma sindikukumbuka. Ahedi akandichotsa, amalume anena kale kuti akandisiya ku Mozambiki ndizikalima m'minda ya anthu. Akuti sukulu ndikungothera nsapato."

Anayenda limodzi mpaka pamphambano. Pamenepo Chance anakhotera kwawo.

4. Lachisanu m'mawa

Kunacha bwino, kopanda mtambo. Dickson anafika pasukulu belu lisanalire. Chitseko cha chipinda cha makompyuta chinali chotsekula. Anavula nsapato, n'kulowa, n'kugunda benchi ya pakhomo ndi bondo.

"Dickson," anatero a Bashiri ali kutsogolo. "Lowa."

"Mwandidziwa bwanji, aphunzitsi?"

"Benchi imeneyo imagundidwa ndi anthu awiri okha pasukulu pano. Wina ndine, pamene ana aisuntha osandiuza."

Dickson anaima pakati pa madesiki. Anayamba kulankhula.

"Foda ya Aliness ndinasuntha ndine. Sindinachitire dala. Ndimafunafuna kamuvi. Ndinangoona kuti yanyamulidwa, kenako yasowa. Chance sanaikhudze."

"Kamuvi kanasowa bwanji?"

"Sindiona bwinobwino, aphunzitsi."

"Chiyambire liti?"

"Ndili Fomu 1. Koma chaka chino zanyanya."

"Kunyumba akudziwa?"

"Ayi."

A Bashiri anakoka mpando n'kumuuza kuti akhale. Iwo anakhala pa desiki moyang'anizana naye.

"Ndakhala ndikukumva," anatero. "Mpando wako umasendera kutsogolo kuposa wa wina aliyense. Mausi yako imalira ngati munthu akupala poto. Ndinkafuna kukufunsa, koma mnyamata wa msinkhu wako ukamufunsa amakana, ndipo akakana kamodzi amalimbikira bodzalo mpaka kalekale. Mwina ndinalakwa kudikira. Tsopano tamvera.

"Ine sindinabadwe chonchi. Ndinkaona ngati anzako onsewa. Ndinayamba uphunzitsi ndikuona, ndinakwatira ndikuona. Maso atayamba kuvuta ndinabisa. Ndinkaopa kuti ntchito itha, ndinkaopanso kuti anthu azindiloza. Ndinagula timankhwala ta pamsika, ndinadonthezamo madzi a masamba amene wina anandiuza. Pamene ndinkafika kwa dokotala wa maso, anandifunsa kuti, bambo, munali kuti nthawi yonseyi? Anati matenda anga akanatha kuwaimitsa ndikanafulumira. Zimene zinali zitapita sizikanabwerera, koma zotsalazo akanazisunga.

"Sindikudziwa chimene chikuvuta m'maso mwako. Sindine dokotala. Mwina n'chochizika, mwina ayi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene adzakupititse kuchipatala ngati iwe ukunamizira bondo. Ndipo taona kumene kubisa kwakufikitsa. Dzulo kwaliza Aliness. Lero kukanachotsetsa Chance sukulu. Matenda obisa sapweteka mwini yekha.

"Chinanso. Ukuganiza kuti khungu ndi mapeto a munthu, n'chifukwa chake umatsina mphuno n'kumaseketsa anzako. Usadabwe, ndimamva. Sindikwiya nazo. Koma mawu amene umawasekawo ndi amene amandilembera mayeso, amandiwerengera nkhani, amadyetsa ana anga. Udzasankha wekha, kuwaseka kapena kuwagwiritsa ntchito."

A Bashiri anaimirira n'kuyatsa kompyuta ija.

"Fodayi ndikhoza kuifufuza ndekha. Koma anaisowetsa ndiwe. Uipezanso ndiwe."

5. Sikirini yozima

Kompyuta itayaka, Dickson anasendeza mpando n'kutambasula dzanja kuti agwire mausi. A Bashiri anali ataichotsa kale. Kenako anapapasa m'munsi mwa sikirini n'kudina kabatani. Sikirini inada.

"Aphunzitsi, ndiona bwanji?"

"Suona. Khala mowongoka, msana upume. Ika manja pa kiyibodi. Pa mzere wapakati pali mabatani awiri okhala ndi timizere totukuka. Apeze ndi zala zolozera."

Dickson anapapasa. "Ndawapeza."

"Ameneyo ndi F, winayo ndi J. Pamenepo ndiye pakhomo pako. Ukasochera uzibwerera pamenepo. Tsopano tidzutse mnzako uja. Pansi kumanzere, batani lakumapeto ndi Kontrolo. Ukadumpha limodzi upeza Alti. Panikiza awiriwo, ndipo udine N."

Chimkamwa analankhula mwadzidzidzi, mothamanga kwambiri. Dickson sanatolepo kanthu. A Bashiri anawerama n'kudina mabatani ena, mawuwo n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Umu ndi mmene ndinayambira inenso. Akakulongololera kwambiri, dina Kontrolo yekha, akhala chete. Tsopano pakati pa Kontrolo ndi Alti pali batani la Windozi. Ligwire, udine D. Kulikonse kumene ungakhale, limeneli limakubweretsa pa desikitopu."

Dickson anadina. Mawu aja ananena kuti ali pa desikitopu.

"Kumanja kwako kuli mabatani anayi a mivi. Yenda nawo. Usathamange. Dina kamodzi, umve, kenako udinenso."

Dickson anadina muvi wolozera pansi. Chimkamwa anati bini. Anadinanso. Anatchula foda ya Masamu. Anadinanso, n'kutchula ina. Mnyamatayo anayenda choncho kutsika, kenako kumanja, kenako kukwera. Poyamba ankatsinzina n'kumasuzumirabe pa sikirini yakudayo. Patapita kanthawi anasiya, n'kupendeketsa mutu kuti khutu lilunjike ku sipika.

"Pali njira yachidule," anatero a Bashiri. "Ukadziwa dzina la chimene ukufuna, dina chilembo chake choyamba. Foda ya Aliness imayamba ndi chiyani?"

"M."

Anadina M. Mawu anati Masamu. Anadinanso. Anati Mapu. Anadinanso, n'kubwerera pa Masamu.

"Palibe, aphunzitsi."

"Pabwalo palibe. Koma iwe sunaifufute, unainyamula n'kuigwetsa. Foda ukaigwetsera pamwamba pa inzake imalowa m'kati. Ndiye tilowa nyumba ndi nyumba. Kompyuta ili ndi njira yofufuzira dzina, ndidzakuphunzitsa tsiku lina. Lero ndikufuna bwaloli ulidziwe ndi mapazi ako. Ima pa foda, udine Enta kuti itsekuke. Ukalowa dina M. Ukapanda kuipeza, gwira Alti udine F4, pa mzere wapamwamba. Imeneyo ndiyo kutseka chitseko potuluka."

Dickson analowa mu Masamu. Munalibe. Anatseka. Analowa mu Mapu, munalibenso. Analowa mu foda ya Fomu 2, n'kupezamo nyimbo zimene wina anabisa. A Bashiri anangoti, "Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina."

Zala zinayamba kuzolowera, ndipo Dickson anayamba kufulumira. Potseka foda ina anadina F4 kawiri. Chimkamwa analankhula zachilendo, zofunsa ngati akufuna kuzimitsa kompyuta. Dickson anachotsa manja pa kiyibodi ngati wagwira mbaula.

"Ndaononganso!"

"Sunaononge. Wamva chimene wafunsa?"

"Akuti ndizimitse kompyuta."

"Ukufuna kuzimitsa?"

"Ayi."

"Ndiye mukanire. Pakona yapamwamba kumanzere pali Esikepu. Limenelo ndi batani lokana. Waona kusiyana kwake? Dzulo unalakwitsa osadziwa chimene wachita. Lero walakwitsa, wauzidwa, wakonza. Bwerera pakhomo pako."

Dickson anadina Esikepu, n'kubwezera zala pa F ndi J. Anapuma kaye. Kenako anapita pa desikitopu n'kupitiriza.

Panja ana anayamba kufika. Kunkamveka matsache akusesa pabwalo. Dickson anafika pa foda yotchedwa Zaulimi. Anadina Enta, kenako M.

"Meyi Enga," anatero Chimkamwa.

Dickson anadina muvi wokwera, n'kubwereranso kuti amve kachiwiri.

"Meyi Enga."

Katchulidwe kameneka ndi kamene ankaseketsa nako anzake. Ulendo uno sanaseke.

"Ndi imeneyo," anatero a Bashiri. "Usaitsekule, si yako. Inyamule. Kontrolo ndi X. Pita pa desikitopu. Tsopano itule, Kontrolo ndi V. Dina M timve."

Masamu. Mapu. Meyi Enga.

A Bashiri anamugwira paphewa kamodzi, n'kuchotsa dzanja.

"Yatsala ntchito yovuta," anatero. "Ahedi ndikawauza ndine. Kalasi uiuza ndiwe. Za maso ukhoza kunena kapena osanena, ndi zako. Koma dzina la Chance ulitsuke pamaso pa onse amene analidetsa."

6. Pamaso pa kalasi

Phunziro la makompyuta linali lachitatu. Ana atakhala pansi, a Bashiri anauza Aliness kuti ayatse sikirini. Mtsikanayo anayang'ana pakona paja. Panalibe. Anayang'ana m'munsi, n'kuipeza pamene kompyuta inaiika. Anaitsekula. Mayi ake anatulukira atavala chitenje cha Mvano, akuseka, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa. Aliness anagwira pakamwa.

Dickson anaimirira.

"Fodayi ndinasowetsa ndine dzulo, osati Chance. Ndinaikoka ndi mausi mosadziwa. Nditafunsidwa ndinanama." Kenako anapitiriza. "Maso anga saona bwino. Kamuvi sindikaona. Kuyambira lero ndizigwiritsa ntchito mawu."

Kumbuyo wina anatsina mphuno n'kunena kuti, "Dikisoni Muhayiwa." Ena anaseka. Ambiri sanaseke.

Aliness sanatembenuke. Anangoti, "Ukanandiuza dzulo lomwelo. Sindinadye."

"Pepa."

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'ono, maso ali pa chithunzi.

Chance sanachotsedwe sukulu. Chifukwa cha fulashi ndi bini, ahedi anamupatsa chigawo cha udzu kuseri kwa zimbudzi kuti atchetche. Dickson anapatsidwa chigawo choyandikana nacho chifukwa cha bodza. Anatchetcha limodzi masana, dzuwa lili pamutu.

"Unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti inalipo," anatero Chance, osaleka kutchetcha.

"Eya."

"Usiku wonse ndimadziona ndili ku Mozambiki."

"Pepa, aise."

"Pepa wakoyo sunga kaye." Chance anatchetcha kanthawi, kenako anaima. "Sunthira uko. Kumanzere kwako kuli chitsa, uthyola chikwakwa cha sukulu."

Asanaweruke, a Bashiri anamuitana Dickson pakhonde.

"Uwauze bambo ako kuti ndikufuna kuonana nawo Lolemba. Tikambirane za chipatala. Koma asadzamve kwa ine nkhani imene mwana wawo akanawauza yekha. Uli ndi lero, mawa ndi mkuja. Ndipo mpaka dokotala atakuona, usachite chilichonse chodalira maso amene ulibe. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

7. Kunyumba

Dickson anafika kwawo dzuwa litapendeka. Bambo ake, a Muhiwa, anali pansi pa mtengo wa mango, atagadabuza njinga, akuthira oyilo pa tcheni. Mwendo wawo wamanzere unali utatupa chiyambire sabata yatha, pamene anadzitema ndi khasu ku dimba, ndipo anaukulunga ndi nsalu. Pakhonde panakhala Zelifa, mchemwali wake wa Dickson, amene anali woyembekezera, wotopa kale. Mwamuna wake anali ku Joni. Pambali pake panali beseni, zitenje zopinda bwino ndi kathumba ka ufa.

"Wafika nthawi yabwino," anatero a Muhiwa. "Tagwira apa."

Dickson anagwira chiwongolero, bambo ake n'kumapukusa pedulo.

"Anamwino anena kuti mlongo wakoyu asadikirenso pakhomo. Apite akakhale ku chidikiro, pafupi ndi chipatala. Mayi ako atsogola kale masana ano ndi nkhuni. Ine ndi mwendo uwu sindingapalase. Ndiye mawa umunyamule ndiwe."

"Mawa nthawi yanji, bambo?"

"M'bandakucha, tambala woyamba. Dzuwa lisamupeze panjira, ndiponso mudutse pamsika malole a nandolo asanayambe kupanikizana. Pa mlatho wothyoka paja udutsire m'munsi, m'mbali mwa miyala. Ukhale tcheru, pali maenje. Wanyamula anthu awiri pamenepo, osati thumba la chimanga."

Zelifa anaseka ali pakhonde. "Musamuopseze, bambo. Dickson amapalasa bwino kuposa inu."

A Muhiwa anatembenuza njinga n'kuiimika. Anayesa mabuleki, n'kumenya pa chishalo ndi chikhatho.

"Nyali yake inafa, koma njirayi umaidziwa. Mnyamata ngati iwe nyali n'njachiyani?"

Anamupatsa njingayo. Dickson anailandira, n'kuima nayo pakati pa bwalo. Anaganiza za mdima wa m'bandakucha, mmene maso ake saonamo kanthu. Anayang'ana beseni, n'kuyang'ana mlongo wake.

"Bambo," anatero.

A Muhiwa anali akupukuta manja ndi kansanza. Sanadzutse mutu.

"Nanga?"